Mphuno si sensa, abale

aPhiri (adimini): Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya chipepeso tatseka, malisiti ali kwa amayi msungichuma, wofuna kuona akaone. Koma pali kanthu kandikhala pamtima chichokereni Lamulungu. Magetsi atathima tili mkati mwa msonkhano m'galaja muja, anyamata analiza jenereta pakhomo penipeni, chitseko atachitsitsa theka chifukwa cha chisanu. Posakhalitsa kachikasu kaja kanali pa lamba wa Bambo a Tadala kanayamba kulira. Ife tinaseka, iwo nkhope gwaa, n'kutitulutsa tonse panja ngati nkhuku. Bambo a Tadala, tafotokozani pano kuti amene kunalibe amve nawo. Kanthu kaja n'kachiyani, nanga inuyo mumagwira ntchito yanji kwenikweni? Ena amati ndinu ozimitsa moto.

Bambo a Tadala: Zikomo a Tcheya. Moto sindizimitsa ayi. Ndimagwira pa kampani ina yaing'ono cha ku Kempton Park kuno ku Joni, imene imapanga timakina tozindikira gasi woopsa. Tina ndi tonyamula m'thupi ngati kaja munakaona, tina timakhomedwa pakhoma m'mafakitale ndi m'migodi, ndipo palinso zikuluzikulu zoyeza utsi wotuluka m'chumuni. Mainjiniya amajambula bolodi ndi kulemba mapulogalamu, ine ntchito yanga ndi kuyesa. Ndimatsekera kachipangizo m'bokosi, n'kulowetsamo gasi amene ndikumudziwa kuchuluka kwake, kenako ndione ngati kakunena zoona kapena kakunama.

Lamulungu lija kanamva carbon monoxide wa mu utsi wa jenereta. Timayeza mu ppm, kutanthauza kuti mukagawa mpweya m'timagawo miliyoni imodzi, tingati tili ta gasiyo. Kanga kamalira pa 35. Pamene ndinkakutulutsani kanali kadutsa 90 ndipo kakukwerabe. Pamenepo munthu sugwa nthawi yomweyo, koma msonkhano wathu mumaudziwa, maola atatu osatha.

Nachisale wa ku Yeoville: Koma ndiye ine mutu unandipweteka usiku wonse, ndimati mwina ndi kukangana kwa ndalama kuja.

Amwene a ku Rosettenville: Kkkkk mwina kanamva nyemba zimene tinadya masana. Bambo a Tadala, kameneko munthu akaipitsa mpweya m'tekisi kangathe kuloza mwini wake?

Bambo a Tadala: Kuloza ayi, koma kumva kangamve mukakayandikitsa, poti mumakhala hydrogen sulphide pang'ono. Musandifunse kuti tinadziwa bwanji kuntchito.

aPhiri (adimini): Amwene, pagulu pano pali azimayi ndi akuluakulu. Tiyeni tibwerere pa nkhani.

Che Jafali: Ine nkhani imeneyi sindiseka nayo, ndipo Bambo a Tadala mundikhululukire, ndilankhula mosapsatira. Timakina tanuto ndi ta anthu olembedwa ntchito, a yunifolomu ndi penshoni. Ife a maganyu timangotiona pa lamba wa bwana. Chaka chatha tinapatsidwa ntchito yowotcherera mkati mwa thanki ya chitsulo chosachita dzimbiri cha ku Wadeville uko, dzina la kampani ndisatchule. Kapitawo anali nako kachikasu kangati kanuko. Titangoyamba kanalira, iye n'kunena kuti kameneka kamangolira kopanda chifukwa, kakutichedwetsa. Anakathimitsa n'kukaponya m'bakkie. Ine ndinanunkhiza m'thankimo, fungo panalibe, ndinalowa. Chimene ndikukumbuka n'choti ndinamva kukoma m'thupi ngati tulo ta masana. Ndinadzidzimuka ndili panja, mnzanga wa ku Zimbabwe akundithira madzi. Chinandipulumutsa ndi chingwe chimene anandimanga m'chiuno, osati makina.

Bambo a Tadala: Che Jafali, pepani kwambiri, sindimadziwa. Munkawotcherera ndi argon eti?

Che Jafali: Eya, argon.

Bambo a Tadala: Ndiye kachipangizo kaja sikanali kunama. Argon si poizoni, alibenso fungo, koma ndi wolemera kuposa mpweya wamba. Amatsikira pansi pa thanki n'kumadzaza pang'onopang'ono ngati madzi m'ndowa, okosijeni n'kumakankhidwira kumwamba. Mpweya wabwino uli ndi okosijeni 20.9 peresenti. Alamu timaitchera pa 19.5 kuti munthu atuluke akadali ndi nzeru zake. Choipa chake n'chakuti thupi silikuchenjeza. Kubanika kumene timamva tikagwira mpweya kumabwera chifukwa cha carbon dioxide wochuluka m'magazi, osati chifukwa okosijeni wachepa. Ndiye ukamapuma argon, ukutulutsa carbon dioxide bwinobwino, thupi likuti zonse zili m'chimake, kenako wangoti khuu. Ndipo mnzanu uja anachita bwino kukoka chingwe osadumphiramo. M'ngozi zotere kawirikawiri amafa awiri kapena atatu, woyamba ndi amene anamutsatira kuti amupulumutse.

Nabanda wa ku Boksburg: Zoti amafa otsatira ndi zoona, ngakhale kumudzi m'zitsime zimachitika. Kwathu ku Dedza anthu amangoti m'chitsimemo muli mizimu. Kuno ku Boksburg ndiye gasi tamuona ndi maso. Pa 24 December 2022 thanki ya gasi inakanirira pansi pa mlatho pafupi ndi chipatala cha Tambo Memorial n'kuphulika, anthu 41 anapita, ena anali atangobwera kudzaonerera. Patangotha miyezi yochepa, pa 5 July 2023, ku zisakasa za Angelo anthu 17 anafa, ana omwe, ndi gasi wotuluka m'silinda imene akuti ankagwiritsa ntchito a zama zama, okumba mozemba aja, poyenga golide. Anthu amangogwa akuthawa. Tsono ndifunse, kukanakhala kachipangizo kanuko kukanasintha chiyani m'zisakasa muja?

Bambo a Tadala: Mayi, ndisakunamizeni. Sensa iliyonse ili ndi gasi wakewake. Kanga kali ndi zinayi: ya okosijeni, ya carbon monoxide, ya hydrogen sulphide ndi ya gasi woyaka. Gasi wina wosakhala pa mndandandawu akhoza kudutsa kachipangizo kali chete, kapena kungokasokoneza pang'ono. Munthu amayenera kudziwiratu choopsa chimene chili pamalopo kuti asankhe sensa yoyenera. Ku Angelo ogona m'nyumba zija sanadziwe n'komwe chimene chinali kuseri kwa malata.

aMbewe a ku Carletonville: Ndikulemba ndine mdzukulu wawo, agogo akulankhula. Akuti moni nonse ana anga. Akuti iwo anabwera ndi Theba, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, mu 1979, atatsegulanso njira imene a Kamuzu anatseka ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974. Akuti masiku amenewo akuluakulu ena ankayezabe methane ndi nyali ya lawi yotchinga ndi sefa ya waya. Ukatsitsa lawi n'kuona kachisoti kobiriwira ngati mtambo pamwamba pake, udziwe kuti gasi alipo. Nyali ikazima yokha, thawa. Pambuyo pake kunabwera tamagetsi. Akuti chimene sadzaiwala ndi ngozi ya mgodi wa Kinross, pa 16 September 1986, pamene anthu 177 anafera pansi. Sunali mwala, unali utsi. Moto wa owotcherera unayatsa thovu la pulasitiki limene anamata m'makoma, utsi wake n'kuyenda ndi mphepo yomwe ija imene imapopedwa kuti anthu apume. Iwo sanali mgodi umenewo koma pa hositelo sabata imeneyo kunalibe woliza wailesi. Akuti a Jafali asadabwe, kapitawo wothimitsa alamu sanayambe lero. Bonasi imawerengedwa pa mamita amene mwakumba, osati pa maulendo amene mwathawa.

aPhiri (adimini): Zikomo agogo, mawu anu tawamva. Mdzukulu, uwauze kuti bulangeti lija tibweretsa mwezi ukatha.

Bambo a Tadala: Agogo akhudza penipeni pamene timavutikira kuntchito. Methane amaphulika akakhala pakati pa 5 ndi 15 peresenti mu mpweya. Sensa yakale, imene ikadali paliponse chifukwa ndi yotchipa, ili ndi kawaya kotentha kokutidwa ndi kamkanda. Gasi akafika pakamkandapo amapsa, kutentha kumakwera, makina n'kuwerenga. Mavuto ake ndi awiri. Loyamba, popanda okosijeni wokwanira gasi sapsa, ndiye m'dzenje lodzaza methane kakhoza kuonetsa nambala yochepa. Lachiwiri ndi limene limandisowetsa tulo: silicone amapha kamkanda kaja. Polishi wa dashibodi, mafuta ena opopera, zomatira magalasi, zonsezi. Ndipo ikafa siinena kuti ndafa. Imangoonetsa ziro, ziro, ziro, munthu n'kumalowa mtima uli m'malo. Kachipangizo kogonera m'bakkie yopolishidwa Loweruka lililonse ndimakakayikira kuposa kosweka galasi.

Chimene mainjiniya athu akulimbana nacho panopa ndi sensa ya infrared. Imeneyi siwotcha kanthu. Imawalitsa kuwala kosaoneka ndi maso kudutsa mu mpweya, methane amameza gawo lina la kuwalako, makina n'kuwerenga kuti kwachepa bwanji. Siifuna okosijeni, silicone saipha, batire limakhalitsa. Koma nayo ili ndi pake: hydrogen siimuona n'komwe, ndipo chinyontho ndi fumbi zikaphimba timagalasi take imavuta. Miyezi itatu yapitayi ndakhala ndikuziphika m'bokosi lotentha ndi lachinyontho ngati pansi pa mgodi, kenako n'kuziziziritsa, kuti tione imene iyambe kunama.

Che Jafali: Zonsezo ndamva, koma funso langa simunayankhe. Ine wopanda mapepala okwanira ndikakana kulowa, mawa pa geti atenga wina. Pa robot pali anthu makumi angati odikira bakkie?

Yamie wa ku UJ: Ankolo, lamulo lilipo. Occupational Health and Safety Act ya 1993 ndi malamulo ake amati malo opanikizika ngati thanki kapena dzenje la suweji ayezedwe mpweya ndi munthu wodziwa wina asanalowe, ndipo pakakhala chiopsezo pakhale wina panja wokonzeka kuthandiza. Ku migodi kuli Mine Health and Safety Act ya 1996, imene imapatsa wantchito ufulu wochoka pamalo oopsa. Khoti la za ntchito linagamulanso mu 2008 kuti mlendo amene chilolezo chake sichili bwino amatengedwabe ngati wantchito, akhoza kupita ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pa ntchito.

Che Jafali: Mwana wanga, uli kusukulu, werenga. Lamulo lili pa pepala, lendi ili pa 1.

Yamie wa ku UJ: Sindikutsutsa ankolo. Ndimangofuna mudziwe kuti wolakwa sanali inu.

Nachisale wa ku Yeoville: Ine ndifunseko za msewu wa Bree, pakati pa Joni. Tsiku lija pa 19 July 2023 ndinali nditangotsika tekisi madzulo, ndili chakumtunda pang'ono, ndinangomva chiphokoso pansi n'kugwedezeka. Kutembenuka, msewu wang'ambika ngati chigumu, matekisi ena atagudubuzika. Munthu mmodzi anamwalira, ambiri anavulala, msewu n'kukhala wotseka kupitirira chaka. Akuluakulu a mzinda anati anali methane. Nanga methane wa m'migodi anafika bwanji pakati pa tauni?

Bambo a Tadala: Methane si wa m'migodi mokha achemwali. Zonyansa za m'suweji ndi zinyalala zikamaola popanda mpweya zimatulutsa yemweyo. Pansi pa Lilian Ngoyi, dzina latsopano la Bree, pali ngalande zodutsa mapaipi ndi nthambo. Gasi akadzazana mmenemo n'kufika 5 peresenti ija, chatsala ndi kamoto kamodzi basi. Ndipo methane weniweni alibe fungo. Fungo limene mumamva pa silinda ya kukhitchini amachita kuthiramo dala kuti muzindikire ikamadontha. Malo ngati amenewo ndi amene amafunika masensa okhazikika otumiza uthenga usana ndi usiku. Kugula si kovuta. Kovuta ndi kupeza munthu wopita kukawayesa chaka chachitatu, chachinayi, pamene amene anadula riboni anasamutsidwa kale.

Yamie wa ku UJ: Ankolo a Tadala, ine chidwi changa chili pa za chumuni zija mwangozitchula modutsa. Mukukumbuka February 2021, Joni yense ndi Pretoria akununkha mazira owola kwa masiku angapo? Anati ndi hydrogen sulphide wobwera ndi mphepo kuchokera ku Mpumalanga. Dera la Highveld boma linalilengeza kale mu 2007 kuti mpweya wake ukufunika chisamaliro chapadera, pansi pa Air Quality Act ya 2004. Mu March 2022 khoti lalikulu ku Pretoria, pa mlandu umene anasuma mabungwe oteteza chilengedwe a groundWork ndi Vukani, linagamula kuti mpweya wa kumeneko ukuphwanya ufulu wa anthu wa pa gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko. Ndiye ine ndimadabwa. Makina oyeza sulphur dioxide ndi fumbi ali m'machumuni, manambala akutuluka tsiku ndi tsiku, koma ana a ku eMalahleni akutsokomolabe. Amene amalipira makinawo ndi mwini chumuni. Kodi si kupatsa fisi sikelo kuti aziyeza yekha nyama?

Bambo a Tadala: Yamie wafunsa funso la mayeso. Ndiyambe ndi mbali imene ndikuidziwa. Kachipangizo ka pa lamba ndi makina a chumuni ndi nyama ziwiri zosiyana. Ka pa lamba kakufunika changu, kalire m'masekondi ochepa, kakaphonya pang'ono nambala palibe mlandu. A chumuni akufunika kunena zoona miyezi ndi miyezi ali mu utsi wotentha, wonyowa, wa asidi. Nthawi zambiri timakoka utsiwo ndi paipi yotenthetsedwa kuti madzi asaundane m'njira, chifukwa sulphur dioxide amasungunuka m'madzi. Paipi ikazizira penapake, gasi amatsalira m'madonthowo, nambala imafika yochepa, lipoti n'kuoneka lokongola popanda amene wanama. N'chifukwa chake pamafunika a labu ochokera kwina kudzayeza paokha n'kufananitsa. Koma zoti manambala akakwera wina alangidwe, zimenezo si za sensa. Sikelo imangoyeza, siimanga munthu.

Ndipo ndivomere chinthu chimodzi chimene Che Jafali angakondwe nacho. Makasitomala amatsegula chikwama msanga pa makina a lipoti kusiyana ndi pa timakina ta antchito. Laisensi ya fakitale imadalira lipoti, kuonjezera apo msonkho wa kaboni unayamba mu June 2019 pa R120 pa tani. Za methane wodontha m'mapaipi ndi kumalo otayira zinyalala nazo zayamba kufunsidwa kwambiri, poti pa zaka 20 amatenthetsa dziko kuwirikiza ka 80 kuyerekeza ndi carbon dioxide. Ndalama zili kumeneko.

Che Jafali: Ndiye mwavomera. Chumuni chili ndi mlonda, Jafali alibe.

Amwene a ku Rosettenville: Koma mazira owola aja ndiye sasowa makina, mphuno yanga inakwana.

Bambo a Tadala: Amwene, apa ndiye musaseke. Hydrogen sulphide akakhala wochepetsetsa mphuno imamumva msanga kuposa makina ambiri. Koma akafika cha m'ma 100 ppm amapha mphuno, fungo limatha. Munthu amati aa, wapita uja, pamene ndi pomwe wachuluka. Akafika mazana angapo, kupuma kamodzi kapena kawiri wagwa. Ndi wolemeranso, amakhala pansi pa dzenje. Amene mumagwira maganyu otsegula masuweji ndi kupopa zimbudzi, fungo likazimiririka mwadzidzidzi tulukani.

Nabanda wa ku Boksburg: Nanga mbaula? June wafika, magetsi akudula, ambirife tikulowetsa m'nyumba. Ine mayi anandiphunzitsa kuti uziyatsira panja, makala akafiira utsi watha, ndiye ulowetse. Ena amaikanso beseni la madzi pambali.

Bambo a Tadala: Mayi, amayi athu anatiphunzitsa zambiri zabwino koma iyi ayi. Chimene chimatha makala akafiira ndi utsi wooneka. Carbon monoxide akutulukabe, alibe mtundu, alibe fungo, ndipo madzi a m'beseni samumeza. Amakakamira magazi kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Kumudzi nyumba ya udzu imapuma yokha kudenga. Kuno timagona m'kachipinda ka kuseri kapena ka malata, mipata yonse tatseka ndi manyuzi ndi masokosi. Zizindikiro ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka, ndipo anthu amati ndi chimfine kapena malungo. Mukaona nonse m'nyumba mutu ukupweteka nthawi imodzi, ana omwe, tulukani kaye, mukaganizire panja. Mbaula isagone m'nyumba, hita ya gasi kapena ya parafini zenera likhale lotsegula pang'ono. M'mashopu a hardware muli timaalamu ta batire ta carbon monoxide, marandi mazana angapo. Kameneko ikani m'chipinda chogona cha pamtunda wa mutu. Ka gasi wophikira n'kena, kamaikidwa pansi chifukwa gasi wa m'silinda amatsika.

Nachisale wa ku Yeoville: Kwa abwana anga kalipo, koma kamalira magetsi akangobwera, mbaula kulibe, moto kulibe. Anachotsa batire.

Bambo a Tadala: Kali pafupi ndi mabatire a inverter?

Nachisale wa ku Yeoville: Eee, m'kachipinda komweko.

Bambo a Tadala: Ndi hydrogen ameneyo. Mabatire a asidi akamatchajidwa, makamaka akakalamba kapena akamatchajidwa mopyola, amatulutsa hydrogen, ndipo sensa zambiri za carbon monoxide zimamusokoneza ndi gasi wake. Dzina kalakwitsa, koma sikakulira pachabe, hydrogen amayaka. Auzeni aitane wamagetsi aone mabatirewo, kachipindako kazipita mphepo, batire la alamu abwezeremo.

Amayi msungichuma: Ndaona ena ayamba kundilembera kumbali kuti gulu ligule kachikasu kamodzi koti a maganyu azibwerekana. Ndinene pano kuti onse amve: ndalama za m'thumba ndi zotumizira maliro kumudzi, malamulo athu amatero. Mukafuna, chikhale chopereka chapadera, ndipo tigwirizane kuti kazisungidwa ndi ndani. Mapoto a gulu aja mpaka lero sanabwerere.

Bambo a Tadala: Maganizowo ndi abwino koma mudziwiretu kuti si kugula kokha. Kamafunika bump test tsiku lililonse musanakagwiritse ntchito, ndiko kukanunkhitsa gasi wa m'kasilinda kuti muone ngati kalira. Kasilindako kamagulidwa ndipo kamatha ntchito. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi kapite ku calibration, kukatcheredwanso kuti manambala ake azikhala olondola. Sensa ya okosijeni yamtundu wakale imatha pakapita zaka ziwiri ngakhale kachipangizo kakungogona m'kabati, chifukwa imadyeka ndi mpweya womwewo. Kuyesa ndikhoza kumathandiza ine Loweruka, ndikapempha kaye abwana. Mitengo ndibweretsa pamsonkhano.

Che Jafali: Ndatumiza chithunzi. Lachinayi tili ndi dzenje la pampu ku Germiston, kapitawo ndi wina koma kachipangizo kake ndi aka, ndakajambula lero ali kokadya. Kumbuyo kuli kapepala, sindikumva zimene alembapo.

Bambo a Tadala: Ndaona. Kapepalako kakuti kanayenera kubwerera ku calibration mu 2021. Pakona pa galasi pakuonekanso kuti sensa ya okosijeni yalephera, n'chifukwa chake pali timizere m'malo mwa nambala. Musalowe ndi kameneko Che Jafali. Nditumizireni kumbali malo ake ndi nthawi imene mukuyamba. Lachinayi ndimalowa 9, ndikhoza kudzera kumeneko ndi kanga cha m'ma 7, ndikatsitsire m'dzenjemo ndi chingwe kapitawo akuona.

Che Jafali: Akakufunsani kuti ndinu ndani?

Bambo a Tadala: Muwauze kuti ndi mlamu wanu, wabwera ndi nsima.

aPhiri (adimini): Chabwino, nkhani ya chopereka chapadera ilowa pamsonkhano wa pa 30. Jenereta ikakhala kuseri kwa mpanda, kutali ndi zenera. Amwene a ku Rosettenville, nthambo yaitali ija munabwereka pa Khirisimasi mubwere nayo.